Masamba Anayi a M'kabuku ka Ithel Maddocks

Foni ya Mayi Eirlys Vaughan inandipeza ndikumwa tiyi Lolemba m'mawa, kutatsala sabata ziwiri kuti tifike Lamulungu lokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo. Chinali chaka cha 1978. Pa zaka khumi ndi zinayi zimene ndinali sajeni wa polisi ku Penrhydlas, mayiwa anali asanandiimbirepo. Ankasunga zolemba zakale za dera lathu m'zipinda ziwiri za pamwamba pa laibulale, ndipo adani a kumeneko anali chinyontho ndi makoswe basi.

"Bambo Meurig, tabwerani. Wina wadula kabuku."

Ndinawapeza ataima pawindo, maso ali gwa pa kabuku kakuda kamene kanali patebulo. Kanali kakang'ono, kokwana m'thumba la pachifuwa. Mwini wake anali Ithel Maddocks, wa kwathu konkuno, amene pankhondo yoyamba ankanyamula ovulala pamachira ku France. Ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku ndi pensulo, m'Chiwelishi, kuti akuluakulu a usilikali asathe kuwerenga. Anamwalira mu Ogasiti, ndipo mwana wake wamkazi anabweretsa kabukuka pamodzi ndi makalata m'katoni ya nsapato.

"Tsiku limene kanafika ndinaika manambala pa masamba onse," anatero Mayi Eirlys. Amayankhula ngati akulemba chikalata. "Onani. Tsamba 61, kenako 66. Anayi palibe. Ithel akulumpha kuchoka pa 8 Seputembala 1917 kufika pa 15."

"Munali mutawerenga zimene zinali pamenepo?"

"Ndinali ndisanafike. Pensulo yake inazilala, ndipo zilembo zake ndi zovuta. Abusa anapempha kuti tisankhe ndime zoti akawerenge m'tchalitchi pa tsiku la chikumbutso. Ndimati ndiyambe lero."

Ndinabwereka galasi lawo lokuzira zilembo. Timizere ta mapepala totsalira pakati pa kabuku sitinali towongoka monga lezala limadulira. Tinali ndi timano ting'onoting'ono, chizindikiro cha sizasi yaifupi imene yaluma kangapo isanafike kumapeto. Kenako ndinaona china. Ulusi wakale womangira masamba unali wofiirira chifukwa cha zaka, koma pambali pake panadutsa ulusi wina wotuwa, watsopano, wosokedwa mwaluso kwambiri.

"Mwasoka ndinu apa?"

Anasuzumira, nkhope n'kusintha. "Ine sindingalowetse singano m'chinthu cha zaka makumi asanu ndi limodzi."

Ukadula masamba anayi m'kabuku kotere, anzake a mbali inayo amasomphoka. Amene anadulayo anadziwa zimenezo, ndipo anakhala pansi n'kusoka kuti otsalawo asagwe. Ndinali ndisanaonepo wakuba wokonza chimene waononga.

"Ndani wakagwirapo?"

Anatsegula kaundula wa alendo. Munali mayina awiri okha. Lachiwiri lapitalo, Dokotala Hefin Gwynne, mphunzitsi wa mbiri yakale wa ku koleji ya kugombe. Lachisanu, Caradog Penry.

Dzina lachiwirilo ndinaliwerenga kawiri. Bambo Caradog anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, mkulu wa mpingo wathu, munthu amene anandiphunzitsa Sande sukulu.

* * *

Dokotala Gwynne ndinawapeza pa nyumba ya alendo ya pamsika, akudya supu wa nyama ya nkhosa, buku atalitsamiritsa pa botolo la mchere.

"Sajeni, mukudziwa kuti ndagwira mapepala angati a mtundu uwu pa moyo wanga? Ndikanakhala wakuba, bwenzi ndili ndi nyumba yosungiramo zolemba yangayanga."

"Sindinati ndinu wakuba, Dokotala. Ndafunsa kuti munakhala nako nthawi yaitali bwanji."

"Maola anayi, mayi uja akundiyang'ana ngati ndaba kale." Anapukuta pakamwa n'kutulutsa kope lawo m'chikwama. "Koma mwachedwa. Onani zimene ndinalemba Lachiwiri lomwelo: masamba 62 mpaka 65 palibe. Ndinakwiya kwambiri moti ndinadula mzere kunsi kawiri."

Zinalidi choncho, ndipo pambuyo pake panali masamba ena ambiri a zolemba za masiku otsatira. Sakanatha kuzilowetsa pakati mochedwa.

"Bwanji simunawauze Mayi Eirlys?"

"Ndinkaganiza kuti ndi abale a mwini wake anachotsa asanapereke. Amatero kawirikawiri. Amachotsa za akazi a ku France ndi za mowa, kuti agogo akhale oyera." Anakankhira mbale pambali. Mawu awo anatsika. "Koma apa sipanali za akazi. Masamba amenewo ndi amene ndinabwerera."

"Munali chiyani?"

"Ndili ndi kalata ya msilikali wina wa gulu lomwelo, yonena kuti sabata imeneyo anaombera mnyamata wawo yemwe, pa mlandu wothawa nkhondo. Dzina sanatchule. Mapepala a usilikali a milandu yotere ndi otsekeredwa mpaka lero. Wonyamula machira ndiye ankachotsa mtembo, Sajeni. Ithel Maddocks anaona zonse. Ndipo theka la gulu limenelo linali anyamata a m'chigwa muno."

Ndinatuluka n'kuima pamsika. Patsogolo panga panali chipilala cha chikumbutso, mayina makumi anayi ndi awiri ozokotedwa pamwala. Ndinali nditachidutsa tsiku lililonse la moyo wanga. Tsikulo ndinawerenga masiku a imfa, mzere ndi mzere, mpaka ndinafika pa Tegid Bowen, wa zaka 19, 12 Seputembala 1917.

Mayi Nesta, akazi a Bambo Caradog, asanakwatiwe anali Nesta Bowen.

* * *

Bambo Caradog anali ku kadimba kawo kuseri kwa mgodi wakale wa miyala, atakhala pa ndowa yovundikira, akuyang'ana anyezi amene analephera kuzula. Atandiona sanadabwe.

"Mwana wa Olwen. Wabwera ndi unyolo, kapena ndiyenda ndekha?"

"Ndabwera kudzacheza, bambo."

"Usandinamize, ndinakuphunzitsa ndine Malamulo Khumi. Ndine ndinadula. Lemba, ndisayine, nkhani ithe."

"Munadula ndi chiyani?"

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa lezala lokutidwa m'kapepala. Lezalalo linawapulumuka m'zala n'kugwa pansi, ndinatola ndine.

"Masamba angati?"

"Atatu." Anandiyang'ana. "Asanu. Sindinawerenge. Ndinatentha."

"Nanga ulusi munautenga kuti?"

"Ulusi wanji?"

Ndinakhala pa mpanda wa miyala pafupi nawo. "Bambo, masamba aja anadulidwa ndi sizasi, ndipo Lachiwiri anali atapita kale. Inu munapita Lachisanu. Munapeza palibe, si choncho?"

Chifuwa chawo chinkalira ngati cha amuna onse amene anameza fumbi la mumgodi.

"Abusa atalengeza kuti adzawerenga kabuku ka Ithel pa guwa, chakudya chinasiya kutsika," anatero. "Ndinayenda ndi lezalali masiku khumi. Nditalimba mtima, ndinapeza wina wandipitirira. Kuyambira Lachisanu, aliyense wondipatsa moni ndimamuyang'ana m'maso kuti kodi ndi uyu. Ndiye utabwera ndinati bola ndivomere, usiye kufufuza."

"Munali chiyani m'masambamo?"

"Wawerenga chipilala, eti? Ndikuonera pankhope." Anatsokomola. "Ine ndi Tegid tinakulira m'mafamu oyandikana. Tinalembetsa usilikali tsiku limodzi. Mwezi wa Ogasiti 1917 bomba linamukwirira m'ngalande tsiku lathunthu, pamodzi ndi anthu atatu akufa. Titamufukula sanalinso Tegid. Ankalira akamva supuni ikugwa. Tsiku lina anangoika mfuti pansi n'kuyamba kuyenda. Anamupeza patatha masiku atatu m'khola la ng'ombe, atakhala pa udzu. Anati amapita kukathandiza bambo ake kukolola."

"Anamuzenga mlandu?"

"M'Chingerezi. Tegid Chingerezi chake chinali cha 'inde bwana' basi. Mlandu wonse sunathe theka la ola. Anasankha amuna khumi a m'gulu lake lomwe, kuti ena tonse titengerepo phunziro." Anayang'ana manja awo. "Ine ndinali wachitatu kuchokera kumanzere."

Mphepo inkachokera kumapiri, yozizira.

"M'busa wa asilikali anachita chifundo, analembera mayi ake kuti anafa ndi mabala. Nkhondo itatha ndinapita kwawo kuti ndikaulule. Ndinapeza mayi ake akuvutika ndi nkhuni, ndinawawazira. Ndinati ndinena Lamulungu likudzali. Lamulungu lililonse ndinkati lero, n'kubwerako nditadya chakudya chamasana. Chaka chachinayi ndinakwatira mlongo wake." Anandigwira pamkono ndi zala zawo zowuma. "Meurig, ndimange, undichotse ukulu wa mpingo, chita chilichonse. Koma Nesta asadziwe. Wakalamba. Lonjeza."

Ndinalonjeza. Ndinali ndisanaganize kuti ndani m'tauni yathu amasoka mwaluso chotere.

* * *

"Palibe amene amalowa muno osalemba m'kaundula," anatero Mayi Eirlys nditabwererako.

"Ngakhale mmodzi? Wosesa? Abusa?"

"Wosesa ndine ndemwe. Abusa sakwera masitepe, ali ndi nyamakazi." Anaima kaye. "Kupatula amayi a Lachinayi, koma amenewo si alendo."

"Amayi ati?"

"Atatu a kutchalitchi. Amabwera kudzandithandiza kukopera makalata akale, poti amadziwa mayina a mafamu ndi kalankhulidwe ka nthawi imeneyo. Awiri anali pa makalata. Kabukuka ndinapatsa amene ankamudziwa Ithel, kuti ayambe kukazolowera. Linali Lachinayi la sabata ziwiri zapitazo."

"Munali nawo nthawi yonse?"

"Ndinatsika kukatenga makapu. Enawo ananyamuka msanga kuthamangira basi. Iwo anatsala, anati akufuna amalize ndime." Anavula magalasi. "Ayi, Bambo Meurig. Mayi amene aja anasoka diresi la ukwati la mayi anga. Anasoka la mayi anu. Lachinayi lapitali anatumiza uthenga kuti ali ndi chimfine."

"Amayenda ndi chikwama?"

"Chosokera. Sasiyana nacho."

Anakhala pampando n'kuphimba pakamwa ndi dzanja.

* * *

Mayi Nesta anatsegula chitseko ndisanagogode. Anali mayi wamfupi, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, wowongoka ngati ndodo.

"Pukuta mapazi, Meurig. Unifomu sikupatsa ufulu wondidetsera pansi."

M'khitchini munkayaka moto wa malasha. Anandithirira tiyi, n'kundidulira buledi wa zipatso zouma wopaka batala, ngati ndabwera kudzayesa buluku. Kenako anakoka chikwama chawo chosokera, n'kutulutsa kansalu koyera kopinda bwino, n'kukaika patebulo. Mkati mwake munali masamba anayi.

"Wachedwa. Ndimayesa ubwera Loweruka. Mayi ako anali ochenjera kukuposa."

"Munkadziwa kale za achimwene anu?"

"Ayi." Anakhala pansi. "Anthu amati mkazi amadziwa zonse za m'nyumba mwake. Ine sindinkadziwa. Zaka makumi asanu ndi limodzi ndakhala ndikuika maluwa pa chipilala chija, ndikuganiza kuti Ajeremani ndi amene anapha achimwene. Ndinadziwa Lachinayi lija, nthawi ili cha m'ma fili koloko, anzanga akukambirana za mtengo wa shuga pambali panga. Ndinadikira achoke. Ndinadula, ndinasoka, ndinabwera kuno n'kumuphikira nsomba. Anati yakoma."

"Simunawauze?"

"Ndiyambire pati? Ndimamuyang'ana akumanga zingwe za nsapato, akulephera, ndimagwada n'kumumangira. Manja omwewo." Anasisita kansalu kaja. "Masiku ena ndimafuna kumuponyera mbale. Masiku ena ndimapita kuchipinda kukamulirira iyeyo. Ukandifunsa kuti ndinadulira ndani, achimwene kapena iye, sindikudziwa. Ndinangoona abusa ataima paguwa akuwerenga, iye atakhala pampando wa akulu ampingo, tchalitchi chonse chikutembenuka."

"Ndachokera kwa iwo, mayi. Avomera mlandu wanu. Anati adula ndi iwo."

Anandiyang'ana. "Wopusa," anatero motsitsa. "Munthu wolephera kudula buledi. Wakuuza zonse?"

"Anena kuti anali mmodzi mwa khumi aja."

"Basi? Ndiye sanakuuze zonse." Anavala magalasi, n'kusankha tsamba lachitatu. Anawerenga pang'onopang'ono, mawu osagwedera, monga amawerengera Baibulo pa msonkhano wa amayi.

"Pa 11. Anditumiza kukakhala ndi Tegid Bowen m'kanyumba kamene amutsekera. Wapempha kuona Caradog, amulola mphindi zisanu. Ndamva ndi makutu anga. Tegid wati, enawa adzanjenjemera, adzangondivulaza, kenako bwana adzabwera kudzandimaliza ndi kamfuti kake ndikuona. Iwe sunaphonyepo khwangwala pafamu. Usandiphonye, Caradog. Caradog wakana katatu. Kachinayi wavomera. Pa 12. Zachitika m'bandakucha. Ndanyamula ine mtembo. Pa kansalu kamene anamumata pachifuwa pali bowo limodzi lokha. Ena asanu ndi anayi aombera kumbali. Caradog wasanza mpaka masana, ndipo sakuyankhula ndi munthu."

Anaika tsambalo pansi. Chitseko cha kuseri chinali chitatseguka, sindikudziwa kuyambira liti. Bambo Caradog anali ataima pamenepo, chipewa m'manja, anyezi awiri akutuzuka m'thumba la jekete.

Ndinadzuka kuti ndituluke.

"Khala, Meurig," anatero Mayi Nesta osandiyang'ana. "Zobisa zakwana m'nyumba muno." Kenako anatembenukira amuna awo. "Lowani, mukulowetsa mphepo."

Analowa, koma sanakhale.

"Mayi anga anakufunsani kangati ngati achimwene anavutika?"

"Chaka chilichonse, mpaka anamwalira."

"Inu n'kumati sanavutike."

"Sanavutike, Nesta. Pa chimenecho chokha sindinaname."

"Nanga ine? Munkaona kuti sindingathe kusenza?"

"Ndinkaona kuti mudzandisiya."

"Mwina ndikanakusiyani," anatero. "Ndikanasankha ndekha. Simunandipatse mpata umenewo."

Bambo Caradog anaweramitsa mutu. Misozi inkatsika m'makwinya a nkhope yawo, osaipukuta. Moto unathetheka. Patapita nthawi Mayi Nesta anakankha mpando wa pambali pawo ndi phazi.

"Ithel analemba zimene anamva. Mphindi zisanu ndi zambiri. Ananenanso chiyani achimwene?"

Nkhalambayo inakhala pansi movutika. "Anafunsa ngati kwathu amaliza kumweta udzu. Kenako anati mapazi akumuzizira, chifukwa anamulanda nsapato. Ndinavula masokosi anga n'kumuveka." Anayang'ana akazi awo. "Aja obiriwira, amene munaluka n'kuika m'phukusi lake kuti apatse ine. Anawazindikira. Anaseka, anati chidendene chimodzi n'chachikulu, Nesta sadzaphunzira."

Mayi Nesta anatulutsa kamawu kamene sindingathe kunena ngati kanali kuseka kapena kulira. Anaika chigongono patebulo, nkhope m'manja. Apa ndinatuluka, ndipo palibe anandiletsa.

* * *

Mayi Eirlys sanafune kuti nkhaniyi ipite kukhoti, ndipo ine sindinawakakamize. Masamba aja anabwerera kunyumba yosungira zolemba ali mu envelopu yomata, yolembedwa kuti isatsegulidwe banjali likali ndi moyo. Dokotala Gwynne anadandaula, kenako anavomera kudikira. Pa tsiku la chikumbutso abusa anawerenga ndime ina, yonena za mvula ndi nsabwe.

Bambo Caradog anamwalira mu Febuluwale, nkhosa zisanayambe kuswa. Anthu atabalalika kumanda, ndinaperekeza Mayi Nesta kutsika phiri. Ndinawapepesa. Ndinati mwina ndikanangolandira bodza la amuna awo tsiku lija kudimba, bwenzi atapita mumtendere.

"Mtendere wanji?" anatero. "Zaka zonse za ukwati wathu, dzina la achimwene sanalitchulepo m'nyumba. Ndinkayesa anawaiwala, ndipo ndinkamusungira kampeni kumphasa chifukwa cha zimenezo. Miyezi itatu yapitayi wandiuza zonse, mmene ankabera maapozi, nyimbo zimene ankaimba m'sitima, zimene ankanena za ine. Tinakangana, tinalira, masiku ena osayankhulana. Kumukhululukira sindinamalize, Meurig, nthawi inandithera."

Tinafika pageti lawo. Anafufuza kiyi m'chikwama nthawi yaitali.

"Koma miyezi itatu imeneyo ndi yokhayo imene ndinakhala ndi mwamuna wanga yense," anatero, n'kulowa m'nyumba okha.